Sisitere ndi Manja Anga a M'juzi

Ine pamaso pa anthu ndimauma pakamwa. Kusukulu aphunzitsi akaloza chala mbali yanga yankho ndinkalidziwa, koma linkathera pakhosi. N'chifukwa chake achimwene anandipatsa dzina loti a Duu, ndipo linakakamira moti ndi Bambo omwe amandiitana choncho. Malo okhawo amene ndimayankhula momasuka ndi m'khola, mutu nditautsamiritsa pamimba pa ng'ombe, mkaka ukulira m'ndowa.

Nditalemba mayeso omaliza, ntchito yokama inakhala yanga. Tili ndi ng'ombe zitatu. Nkhwangwa dzina lake linachokera ku mwendo wake wakumanzere, wopindika ngati nkhwangwa. Mlendo Bambo anamugula chaka chomwechi kwa munthu wina wakutali. Ndiye pali Sisitere, wakuda thupi lonse koma nkhope ndi pamutu poyera ngati wafunda mpango. Ameneyo ndinamulera ndine ndi botolo mayi wake atamukana, ndipo kuyenda pachingwe ndinamuphunzitsa ndine.

Lamulo la Bambo pokama n'lakuti yovuta iyambe manja adakali ndi mphamvu, yofatsa itsirize. Choncho ndinkayamba Mlendo, kenako Nkhwangwa, pomaliza Sisitere. Ndisanakame ndinkapukuta bere ndi kathaulo konyika m'madzi ofunda. Kathauloko kanali kamodzi ka ng'ombe zonse, kankakhala pamsomali wa pakhomo la khola kuyambira ndili wamng'ono.

Zilonda zitatuluka pansonga za bere la Sisitere, Bambo anabweretsa chitini chawo cha oilo wakuda wotsala mu injini. Bambo oilo ameneyu amamukhulupirira. Amapaka mitengo ya mpanda kuti chiswe chisadye, amapaka zitseko zikamalira, amapaka chilonda chilichonse cha chiweto kuti ntchentche zisatere. Ataona kuti sizikupola anathiramo parafini pang'ono. Khungu linayamba kusupuka. Bere lonse linafiira, kenako linada, ndipo Sisitere, amene chibadwire anali asanaponyepo mwendo, anayamba kugwetsa ndowa ndikangomukhudza.

Nthawi yomweyo pazala zanga panatuluka tizotupa tolimba ngati nyemba, tofiirira, pakati potuwa. Sitinkapweteka kwenikweni, tinkangoyabwa. Ndinatenga juzi yakale ya achimwene, ya mikono yaitali, n'kumayenda manja ali m'kati ngakhale dzuwa liswe mtengo. Chakudya ndinkadyera kukhitchini ndekha. Mumtima ndinkati matendawa achokera mwa ine, ndamupatsira Sisitere ndi manja angawa, ndipo Bambo akadziwa andichotsa m'khola.

Tsiku lina Bambo anati, "Bere likayamba kuola ng'ombe yatha. Bola ipite idakali ndi mnofu, isanapatsire zinzake."

Achimwene anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

M'mawa mwake, achimwene atangoperekeza Nkhwangwa ndi Mlendo kubusa la kumunsi, kunalowa lole ya munthu wogula ng'ombe zokapha, amene aliyense amangomuti Abutchala. Ndi bambo wonenepa, woseka mokweza, chingwe chili paphewa. Pambuyo pake pankabwera njinga yamoto.

"Achikulire, musadabwe, ndabwera ndi adokotala a ziweto," anatero Abutchala. "Ng'ombe ya zilonda sindikweza asanaione. Ndinapsapo kale ine."

Adokotalawo atavula chipewa cha njinga ndinaona kuti ndi mayi, wamfupi, ovololo yake yofwifwa m'maondo. Anapatsa moni aliyense, ndi ine ndemwe. Kenako anapempha beseni la madzi, n'kuthiramo mankhwala a m'kabotolo, n'kuyamba kukwecha jombo zawo ndi burashi.

"Mayi, anthu amasamba potuluka m'khola, osati polowa," anatero Abutchala.

"Ndadutsa m'makola ena m'mawa uno. Sindikufuna kuwabweretsera mphatso anthuwa."

Ndinkaganiza kuti athamangira kubere. Ayi. Anaima pakhomo la khola manja ali m'chiuno, kumangomuyang'ana Sisitere akudya udzu. Anaima choncho mpaka Bambo anatsokomola.

"Vuto lili pansipo, adokotala."

"Ndifikako, bambo. Ndimafuna ndione kaye ngati akudya. Akudya ndithu." Anamusisita pakhosi. "Dzina?"

"Sisitere," anatero achimwene, amene anali atabwerako kubusa.

"Pepanitu a Sisitere, lero tikuchotsani ulemu pang'ono."

Anamulowetsa kachipangizo koyezera kutentha kunsi kwa mchira, achimwene n'kuphulika kuseka. Thupi silinali lotentha. Anamutsegula pakamwa, n'kukoka lilime ndi dzanja, kuliyang'ana pamwamba ndi pansi, n'kuyendetsa chala m'nkhama. Ananyamula mapazi limodzilimodzi, kukanula pakati pa ziboda. Zonsezi ankachita mosafulumira, ndipo Sisitere ankangowalola ngati anadziwana kale.

"M'kamwa mulibe matuza, dovu sakuchucha, sakutsimphina," anatero. "Pali matenda ena oopsa amene amatulutsa zilonda pabere, m'kamwa ndi m'mapazi. Akanakhala amenewo, Abutchala, lole yanu ikanagona pompano, inuyo n'kubwerera wapansi."

"Ndi mimba imeneyi? Mukanandipha, mayi."

Ndiyeno anagwada. Sanawerame ngati mmene alendo amachitira poopa kuda, anagwada maondo onse m'ndowe. M'thumba anatulutsa kagalasi kodziyang'anira komangirira kukamtengo, n'kukalowetsa kunsi kwa bere, tochi ili kudzanja linalo. Anayandikiza mphuno, kununkhiza.

"Mwapaka chiyani, bambo?"

"Mankhwala."

"A mtundu wanji?"

Bambo anakanda m'mutu. Achimwene ndiwo anayankha. "A mu injini."

Abutchala anaseka mpaka kugwira mpanda. Adokotala sanaseke n'komwe.

"Ntchentche zathawadi, pamenepo cholinga chinali chabwino," anatero. "Koma khungu la apa n'lofewa ngati chikope cha diso lanu. Oilo ndi parafini zalitentha. Zambiri mukuzionazi ndi kupsa, si matenda ayi."

Anayankhula ngati akunena za nyengo, ndipo Bambo, amene sakonda kuuzidwa zochita, anangogwedeza mutu.

Ndinatumidwa madzi ofunda ndi sopo. Adokotala anayamba kutsuka oilo uja pang'onopang'ono ndi thonje, ine nditagwira mchira ndi mkono wa juzi. Sisitere akanjenjemera iwo ankaima, kumuyankhula, n'kuyambiranso. Uku akutsuka ankafotokoza, osati ngati m'kalasi, koma ngati munthu woganiza mokweza.

"Zilonda za pabere zili ndi makomo ambiri olowera. Pali za mumpata uwu, pamene bere lakumana ndi mimba. Zimakonda ng'ombe zachikulire za bere lolemera, malo ake akamakhala onyowa, ndipo zimanunkha moti ukanazimva uli pamsewu. Apa mpouma." Anapala khungu pang'ono ndi kalezala m'mbali mwa bere. "Pali nthata, koma zikanakhala izo bwenzi akudzikanda pamitengo, ubweya wa kumchira utathothoka. Ndikayang'anabe pamakina kuti nditsimikize. Palinso dzuwa. Ng'ombe ikadya zitsamba zina, khungu loyera limapsa ndi dzuwa n'kumasupuka. Koma taonani mpango wawo a Sisitere, uli mbee, wopanda kachilonda."

Anakama pang'ono nsonga iliyonse pachivundikiro chakuda n'kuchipendeketsa padzuwa.

"Mkaka ulibe zibuluma, ulibe magazi. M'kati mwa bere muli bwino. Nkhondo ili pakhungu pokha."

Mtima wanga unayamba kutsika. Koma iwo anakhala pa zidendene n'kupukuta thukuta ndi mkono.

"Kwatsala matenda awiri, onse a tizilombo tosaoneka ndi maso. Ena amakumba mozama, khungu limada n'kuchoka lonse, ndipo nthawi zina nsonga zimaonongekeratu, ng'ombe osakamikanso. Enawo ndi apamwamba chabe, amatha okha ukamasamala. Ndimawasiyanitsa poona mmene chilonda chayambira. Koma apa oilo wafufuta zonse."

"Ndiye ndi ati?" anafunsa Bambo.

"Sindikudziwa."

Ine chibadwire ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu, wophunzira, wobwera pa njinga ya ntchito, akunena mawu amenewo pagulu, nkhope ili gwa, osachita manyazi.

"Nditha kutenga kachidutswa kukayeza ku labotale, koma yankho silibwera msanga. Ng'ombe zinazo zilibe kanthu?"

"Zilibe. Ndimaziona tsiku ndi tsiku."

"Ndingakonde nditaziona."

"Zili kutali kumunsi, mayi, ndipo Abutchala ali ndi kwina kopita. Ndikadikira yankho lanulo ng'ombe iwonda, nditaya zonse. Kodi lamulo likundiletsa?"

Adokotala anapukusa mutu. "Silikukuletsani. Ng'ombe ndi yanu. Ine ndikanadikira, koma sindingakulonjezeni kuti ichira pamene sindikudziwa."

Abutchala anatsitsa chingwe paphewa. Adokotala anayamba kulongedza zida zawo, kenako anaima.

"Amakama ndani?"

"A Duu awa," anatero achimwene. "Koma musavutike kuwafunsa, mugona pompano."

Ndinkadikira kuti anditembenukire, andiyang'ane m'maso ngati aphunzitsi. Sanatero. Anabwera n'kunjuta pambali panga pafupi ndi chomwera madzi, maso awo ali pa Sisitere, mawu atatsitsa.

"Mwanawe, bere ili palibe akulidziwa kuposa iwe. Asanapake oilo zinkaoneka bwanji?"

Yankho ndinali nalo. Linafika pakhosi n'kuima pamalo pake pa masiku onse.

"Usafulumire," anatero. "Ine nthawi ndili nayo."

Koma Abutchala analibe. Anaponya chingwe m'khosi mwa Sisitere n'kukoka pang'ono, ndipo iye anawatsatira mwaulemu, mutu uli pansi, monga ndinamuphunzitsira ali mwana ndikumunyengerera ndi madeya m'dzanja. Sanavute n'komwe. Anatuluka pakhomo la khola kulunjika ku thabwa lokwerera lole.

Sindikudziwa kuti dzanja linatuluka bwanji m'juzi. Ndinangoona chala changa chikujambula pamatope a pafupi ndi chomwera: kamzere kozungulira koma kosakumana, ngati chilembo cha C.

Adokotala anayang'ana chojambulacho. Kenako anayang'ana chalacho. Anasuntha pang'ono kuti msana wawo unditchinge kwa azibambo aja.

"Ndingaone manja onse?"

Ndinakwinya mikono ya juzi. Anagwira manja anga ndi magolovesi awo, kuwatembenuza, kudina kachotupa kamodzi mofatsa.

"Tikupweteka?"

"Timayabwa." Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye. "Ndine ndamupatsira?"

"Ayi. Izi zimachokera kung'ombe kupita kwa wokama. Unayamba kuziona kwa iti?"

"Kwa Mlendo. Nsonga zam'mbuyo, mbali yam'kati. Munthu ataimirira sangazione. Zinali timatuza, kenako nkhanambo zozungulira chonchi. Kwa Sisitere zinabwera pambuyo."

"Zimenezi ndi zimene ndimasowa." Anandifinya dzanja pang'ono. "Ndikhoza kuwauza ndine, koma anaona ndiwe. Ndiima pambali pako."

Miyendo yam'tsogolo ya Sisitere inali kale pathabwa. Ndinaimirira.

"Bambo."

Sanamve. Abutchala anali akukuwa kuti achimwene akankhe kumbuyo.

"Bambo! Mlendo nayenso ali nazo!"

Onse anatembenuka. Achimwene anasiya pakamwa pali yasa.

"Aa! Wailesi yayaka!"

"Khala chete iwe," anatero Bambo. Anabwera pafupi. "Ukuti chiyani?"

Ndinabwereza zonse, maso ali pa nsapato zawo, manja nditawatambasula kutsogolo kuti awaone. Nditamaliza, Bambo anayang'ana zala zangazo nthawi yaitali.

"Ndiye chifukwa chake juzi, dzuwa lonseli?"

Ndinagwedeza mutu.

"Thamanga ukatenge Mlendo," Bambo anauza achimwene. "Abutchala, tadikirani kaye."

Mlendo atafika anavuta monga mwa masiku onse, mpaka ndinamumanga miyendo ndine. Adokotala analowetsa kagalasi kaja pakati pa miyendo yam'mbuyo, n'kuunika.

"Bambo, bwerani muone nokha."

Bambo anagwada m'ndowe ndi buluku lawo lopitira kutauni. M'kagalasimo munkaoneka nkhanambo zouma, zofiirira, zozungulira mosakumana, chimodzimodzi chojambula changa cha pamatope. Zina zinali zitapola kale, patangotsala kachipsera.

"Awa ndi aja apamwamba," anatero adokotala. "Mphete zimenezi ndiwo okha amajambula. Ndiwonso amalumphira m'manja mwa wokama, ozama aja satero. Ng'ombe iyi inabwera nawo kumene munaigula, ndipo onani, ikuchira yokha popanda wina kuipaka kanthu." Anachotsa nkhanambo imodzi ndi kapani n'kuiponya m'kabotolo. "Ndikayezabe kuti tisangodalira maso. Koma tsopano ndingakuuzeni kuti bere la Sisitere silikuola. Mukasiya oilo lipola."

"Nanga zinayenda bwanji kuchoka uku kufika uko?"

Adokotala anayang'anayang'ana m'khola, maso awo n'kuima pamsomali wa pakhomo.

"Kathaulo ako n'ka ng'ombe iti?"

"N'ka zonse," anatero Bambo. "Bambo anga ankatero, inenso..." Sanamalize.

"Makola ambiri amatero. Vuto limadza mukalowa yodwala, makamaka ikamayamba kukamidwa ndi iyo. Kathaulo ndi manja zimanyamula kachilomboko kupititsa kwa yotsatira. Nkhwangwa wanuyo mwina wapulumuka, mwina zikubwera, tizimuyang'ana."

Anatiuza zochita. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi kansalu kake, kowiritsidwa tikamaliza. Yabwinobwino iziyamba, yodwala izitsiriza. Nsonga tiziziviika m'mankhwala ofiirira amene anatisiyira, ndipo pamene panapsa tizipaka mafuta ofewetsa okhaokha. Ine anandipatsa magolovesi a m'chikwama chawo, n'kuti ndipite kuchipatala akaone manjawo, koma tizotupato ndisatiphulitse, titha tokha.

Bambo anadzuka, n'kupita kulole. Anamasula chingwe m'khosi mwa Sisitere ndi manja awo, n'kuchipereka kwa mwini wake.

"Pepani, Abutchala. Mwayenda ulendo wachabe."

"Mayi inu mundiphetsa ndi njala," anatero Abutchala akukulunga chingwe, maso ali pa achimwene. "Achikulire, lole isabwerere yopanda kanthu. Ndipatseniko mnyamata wanuyu, akuoneka wonona."

"Ameneyo ndi mafupa ndi pakamwa basi," anatero Bambo.

Adokotala anakwechanso jombo zawo m'beseni lija, ulendo uno palibe anaseka. Ndinawanyamulira chikwama mpaka panjinga. Ndinkafuna kunena zambiri, koma zinatuluka n'zakuti, "Kagalasi kaja munagula kuti?"

"N'ka m'chikwama cha mng'ono wanga. Mpaka lero akukafunafuna." Anavala chipewa. "Uli ndi maso abwino, a Duu. Uziwauza anthu zimene masowo aona."

Madzulo ake ndinapeza Bambo atakhala pakhonde akung'amba nsalu yakale ya pabedi m'zidutswa. Chitini cha oilo chinali chitapita kumpanda. Pakhomo la khola panali misomali iwiri yatsopano pambali pa wakale uja.

Yankho la ku labotale linabwera pafoni patapita nthawi, ndipo linagwirizana ndi zimene adokotala ananena. Pofika nthawiyo tizotupa tanga tinali titaphwa, juzi nditabweza kwa mwini wake. Bere la Sisitere linachedwa. Kwa kanthawi ndinkamukama ndi zala ziwiri zokha, iye akunjenjemera, ine ndikumupepesa. Kenako nkhanambo zinayamba kugwa, pansi pake n'kuoneka khungu latsopano, losalala.

Ndinapeza chidutswa cha galasi losweka n'kuchimangirira kukamtengo ndi mphira. M'mawa uliwonse ndisanakame ndimagwada n'kuunika kunsi kwa ng'ombe zonse zitatu, ndipo Bambo amaima pakhomo kudikira.

"Zili bwanji lero?"

"Nkhwangwa alibe kanthu. Mlendo wapola. Sisitere kwatsala kamodzi, nsonga yakumanja."

Ndimanena mokweza ndithu, kuti amve. Ndikatero ndimatenga kansalu ka pamsomali woyamba n'kuyamba ntchito. Sisitere amadikira pomaliza monga kale, akubzikula, ndipo ndikakhala pansi n'kutsamiritsa mutu pamimba pake, mwendo sausuntha.